Kusankha Kamera Yaing'ono ya Digito Yojambulira Panja m'Boma la Chitipa

Kamera yaing'ono ya digito ndi chipangizo chojambulira zithunzi ndi makanema chomwe chimakwana m'thumba la jekete. Lenzi yake ndi yomangirira, sichotsedwa, ndipo zithunzi zimasungidwa pa memori kadi. Ku Chitipa chipangizochi chimathandiza alangizi a zaulimi a m'madera monga Misuku, Kameme, Lufita ndi Chisenga, makalabu a alimi a khofi, makomiti osamalira nkhalango, komanso aphunzitsi. Foni yamakono imajambula ndithu, koma kamera yabwino imaiposa pa zinthu zitatu: kukoka chinthu chakutali, kuonetsa kanthu kakang'ono kali pafupi, ndi kupirira mvula, fumbi ndi kugwa.

Nyengo ndi malo

Kamera imasankhidwa poyang'ana komwe ikagwire ntchito. M'mapiri a Misuku, komwe kuli nkhalango za Mugesse, Wilindi ndi Matipa, mvula imagwa yambiri, chifunga chimachedwa kuchoka, ndipo pansi pa mitengo pamakhala mdima ngakhale masana. Kumadera a Nthalire ndi Wenya, moyandikana ndi Nyika, kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo kuzizira kumathetsa msanga moto wa batire. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, misewu yadothi imafuka fumbi. Msewu wa phula wochokera ku Karonga umafika pa boma, koma maulendo ambiri akumidzi ndi a njinga yamoto, yomwe imagwedeza katundu njira yonse. Adani a kamera kuno ndi chinyontho, fumbi ndi kugwedezeka.

Mitundu itatu

Mtundu woyamba ndi kamera yolimba. Lenzi yake imayendera m'kati, situluka kunja, ndipo zitseko za batire ndi kadi zili ndi mphira wotseka madzi. OM System Tough TG-7, yomwe inatuluka mu 2023 kulowa m'malo mwa Olympus TG-6 ya 2019, imapirira madzi akuya mamita 15, kugwa kuchokera pa mamita 2.1, ndi kuzizira kwa madigiri 10 pansi pa ziro. Ricoh WG-80 imapirira madzi akuya mamita 14 ndipo ili ndi timagetsi 6 tozungulira lenzi towunikira zinthu zapafupi.

Mtundu wachiwiri ndi kamera yokoka patali, monga za Panasonic Lumix TZ, zomwe zina zimakoka chinthu ka 30. Iyi ndiyo yojambulira mbalame, kapena mbidzi ndi chilembwe ku Nyika. Vuto lake ndi lakuti lenzi imatuluka ndi kubwerera, ndipo potero imalowetsa fumbi. Siyifunanso mvula.

Mtundu wachitatu ndi kamera ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaikulu, monga Sony RX100. Imatulutsa zithunzi zooneka bwino m'malo a mdima, koma ndi yodula ndipo imafuna kusamala kwambiri.

Zoyenera kuyang'ana

Chiwerengero cha ma megapixel ndicho ogulitsa amatchula poyamba, koma sichofunika kwambiri. Chithunzi chodzaza pepala la A4 chimasindikizidwa bwino ndi ma megapixel 9, choncho kamera ya 12 kapena 16 ndi yokwanira pa malipoti ndi mapositala. Chachikulu ndi sensa, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi. Monga beseni lalikulu limatunga madzi ambiri a mvula kuposa kapu, sensa yaikulu imalandira kuwala kochuluka. Nambala ya f ya pa lenzi ikakhala yaing'ono, monga f/2.0, ndiye kuti lenziyo imalowetsa kuwala kwambiri, zomwe zimathandiza m'nkhalango ndi m'munda wa khofi wamthunzi.

Pa katoni pamalembedwa zumu ya mitundu iwiri. Optical zoom imakoka chinthu pogwiritsa ntchito magalasi enieni, ndipo chithunzi sichiwonongeka. Digital zoom imangodula chithunzi n'kuchikuza, ndipo chimatuluka chambuu. Poyerekeza makamera, yowerengera ndi yoyambayo.

Kwa mlangizi, macro ndiyo yofunika koposa. Iyi ndi mbali yojambulira zinthu zapafupi, ndipo pa makamera ambiri chizindikiro chake ndi kaduwa. TG-7 ndi WG-80 zimajambula chinthu chili pa sentimita 1 kuchokera pa lenzi. Mbozi ya ntchemberezandonda, yomwe inafala m'minda ya chimanga m'Malawi mu 2017, imadziwika ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu pake ndi timadontho 4 takuda chakumchira. Chiwawu cha khofi chimaoneka ngati ufa wachikasu kunsi kwa tsamba. Chithunzi choonetsa bwino zizindikiro zotere chimathandiza katswiri amene ali ku Karonga kapena ku Mzuzu kuzindikira vuto asanafike kumunda.

Kulimba kwa kamera ku fumbi ndi madzi kumalembedwa ndi zilembo IP ndi manambala awiri. Pa IP68, nambala 6 ikusonyeza kuti fumbi sililowa, ndipo 8 ikusonyeza kuti kamerayo itha kumizidwa m'madzi. Kamera ya GPS imalemba pa chithunzi chilichonse malo pomwe chajambulidwa, zomwe ndi umboni wabwino pa malire a nkhalango, minda yachitsanzo ndi mijigo, ngakhale imadya moto wa batire. Kamera ya Wi-Fi imatumiza zithunzi ku foni popanda kompyuta, ndipo kuchoka pamenepo zimapita pa WhatsApp.

Batire ndi memori kadi

Makamera aang'ono ambiri amajambula zithunzi pafupifupi 300 batire ikadzaza. Popeza midzi yambiri ilibe magetsi a ESCOM, kamera yoyenera ndi yotchajidwa ndi chingwe cha USB kuchokera ku pawabanki kapena sola. Batire yachiwiri igulidwe pamodzi ndi kamera, chifukwa kudzaipeza payokha n'kovuta. Kadi ya SD ya 32 GB imasunga zithunzi masauzande angapo. Makadi awiri ndi abwino kuposa imodzi yaikulu, chifukwa ina ikawonongeka, zithunzi zina zimapulumuka.

Pogula

Makamera aang'ono sapezeka kwambiri m'masitolo chifukwa mafoni anawalanda msika, choncho ambiri opezeka ku Mzuzu, Lilongwe, Tunduma kapena Mbeya ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Wogula ayenera kuyesa kamera asanalipire: ajambule khoma loyera kuti aone ngati pali madontho, ayendetse zumu mpaka kumapeto, awunike lenzi ngati ili ndi zokanda kapena chuku, ayang'anenso ngati mphira wa pa zitseko sunang'ambike. Batire yofufuma ndi yotha ntchito. Chaja, chingwe ndi risiti zisatsale.

Kasamalidwe

Kamera iziyenda m'kachikwama kofewa kovala pathupi, osati pa keliyala ya njinga, ndipo kachingwe kake kazikhala pa dzanja pojambula. Fumbi la pa lenzi liyambe lapemereredwa, kenako lenzi ipukutidwe ndi kansalu kofewa. Kupukuta ndi malaya kumakanda galasi. Zitseko zisatsegulidwe pa mvula kapena ndi manja onyowa. M'dzinja kamera isungidwe m'chitini chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho topezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Zithunzi zikopedwe pa kompyuta sabata iliyonse.

Munthu sajambulidwa asanavomere, ndipo pa ana chilolezo chimachokera kwa makolo. Pa chipata cha m'malire a dziko, kupolisi ndi pa miyambo ya m'mudzi, wojambula amayamba wapempha kwa akuluakulu a pamalopo.

Pa ntchito ya kumunda, kunkhalango ndi kumitsinje ya ku Chitipa, kamera yolimba, ya macro yabwino ndi yotchajidwa pa USB, ndiyo yoyenera koposa. Yokoka patali ndi ya munthu amene ntchito yake yaikulu ndi kujambula nyama ndi mbalame.