Kusamalira kagalu kodwala inu muli ndi chizungulire

Ntchito yodwazika kagalu yonse ili pansi. Mbale ili pansi, masanzi ali pansi, kodwalako kagonanso pansi. Kwa munthu wa chizungulire vuto lagona pamenepa, chifukwa mtundu wofala wa chizungulire, womwe madokotala amautcha BPPV, umadzuka ndi kuwerama. Timiyala ting'onoting'ono ta mkati mwa khutu timachoka pamalo pake, ndipo mutu ukapendekeka timayenda, nyumba n'kuyamba kuzungulira. Nthawi zambiri sichipitirira mphindi imodzi, koma mphindi imodziyo ndi yokwanira kugwa kagalu kali m'manja.

Yambani ndi kukonza malo. Yalani nsanza m'katoni kapena m'beseni lalikulu, muikemo kagaluko, inu mukhale pa kampando kakafupi pambali pake. Osakakweza patebulo ayi, kangagwe. Madzi, sirinji yopanda singano, nsanza zopukutira ndi foni zikhale pofika dzanja. Usiku siyani nyali yoyaka, popeza maso amathandiza thupi kuima bwino, ndipo mumdima munthu amadzandira kwambiri.

Mukafuna kutola chinthu, nyonyomalani mutu uli chilili m'malo mowerama. Kagalu kakalira pakati pa usiku, musadzambatuke. Khalani kaye tsonga m'mphepete mwa bedi, mudikire pang'ono, kenako imani mutagwira khoma. Chizungulire chikakupezani mutakanyamula, khalani pansi pomwepo, katuleni, maso akhale pa chinthu chimodzi chosayenda mpaka zitadutsa.

Tsopano za kodwalako. Kagalu kosabayidwa katemera komwe kakusanza ndi kutsegula m'mimba za magazi, zonunkha moipa, kakhoza kukhala ndi parvo, matenda omwe amapha msanga chifukwa thupi limatha madzi. Tsinani khungu la kumbuyo kwa khosi n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, kapena nkhama zikauma, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo; a ku Lilongwe angapite kuchipatala cha ziweto cha LSPCA. Koma musayendetse nokha galimoto, njinga yamoto kapena yakapalasa. Pemphani wina akuperekezeni, katoniyo anyamule iyeyo. Podikira, kapatseni madzi pang'onopang'ono ndi sirinji ija, cha m'mbali mwa kamwa. Kakabweza, musakakamize, kakufunika diripi. Panado ndi Brufen amene mumamwa inu musakapatse, akhoza kukapha.

Kukolopa mowerama, chiguduli chili m'manja monga tinazolowera, kusiyeni kaye masiku ano. Pezani mopu ya mpini wautali. Sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 30 a madzi, muyambe mwachotsa zonyansazo, kenako thirani n'kudikira mphindi khumi musanapukute. Tsegulani mawindo, fungo lingakuwonjezereni mseru. Parvo sagwira anthu, koma amakhala m'dothi miyezi yambiri, ndiye agalu ena asafike pamalopo.

Pali matenda ena amene sachedwa nawo: chiwewe. Kagalu kakamatuluka dovu, kulephera kumeza kapena kuluma chilichonse, musaikenso dzanja kukamwa kwake. Kakakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, mupite kuchipatala.

Inunso ndinu wodwala, musaiwale. Idyani, imwani madzi, ndipo gawanani usiku ndi wachibale kapena mnansi. Mankhwala ambiri a chizungulire amagonetsa, choncho mukamwa, mlonda wa usikuwo akhale wina. Kuchipatala funsani za njira ya Epley, yomwe dokotala amatembenuza mutu wanu mwa ndondomeko kuti timiyala tija tibwerere pamalo pake. Imathandiza ambiri a BPPV.

Chizungulire chikabwera pamodzi ndi kupotoka kwa nkhope, kufooka kwa dzanja kapena mwendo, lilime kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mutu wowawa kwambiri mwadzidzidzi, chikhoza kukhala sitiroko. Siyirani wina kagaluko, inu akuthamangitsireni kuchipatala nthawi yomweyo.