Kusamala Ndalama ndi Katundu Pogona m'Nyumba za Alendo

Mwezi wa April ukafika, msika wa fodya nutsegulidwa, anthu ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amayamba kugona kutali ndi midzi yao. Mlimi wa kwa Nthondo kapena kwa Kasakula amene waperekeza mabelo ake ku okushoni ya ku Kanengo sangathe kubwerera kwao tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mayi wa kwa Msakambewa amene wapita ku Lilongwe kukaoda katundu wa m'sitolo mwake, ndi mphunzitsi amene waitanidwa ku boma ku msonkhano wa masiku atatu. Dzuwa likawalowera pa Mponela, pa Madisi, pa Lumbadzi kapena m'tauni, ayenera kufuna chipinda m'nyumba ya alendo, imene ambiri aitchula resiti. Tsono m'zipinda zimenezi ndimo anthu ena ataya pa usiku umodzi chuma chimene anachivutikira miyezi isanu ndi itatu, kuyambira pofesa nazale kufikira pomanga belo.

KALE NDI LERO

Vuto limeneli silinali lalikulu chotere masiku a makolo. Pamene Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board m'chaka cha 1926, alimi a fodya wa chikopa a ku Dowa ndi Lilongwe ankagulitsa fodya wao pa misika ya pafupi, nalandira ndalama pamanja, nakagona nazo m'nyumba zao. Zinapitirira chomwecho pa nthawi ya Farmers Marketing Board ndi ya ADMARC, imene inayamba mu 1971. Koma kuyambira 1990, pamene alimi a minda ing'onoing'ono analoledwa kulima fodya wa bale ndi kumgulitsa ku okushoni kupyolera m'makalabu ao, ulendo wa ku Kanengo unasanduka wa anthu wamba.

Amene anali pangozi masiku akalewo ndiwo amuna obwera ku migodi ya Johannesburg, pakuti ulendo wao unali wautali, wogona m'malo ambiri. Kwa amene anapita ndi Wenela panali lamulo lakuti gawo la malipiro ao lisungidwe, ndipo munthu ankalilandira atafika kuno kwao. Ambiri ankanyinyirika nalo lamulolo, koma linali ndi ubwino umodzi umene palibe angaukane: ndalama imene munthu sanainyamule singabedwe pa njira.

NDALAMA ISALOWE M'CHIPINDA

Ubwino womwewo ulipo lero, ungofuna munthu wougwiritsa ntchito. Ndalama za fodya sizilipidwa pamanja ku Kanengo. Akachotsapo misonkho ndi ngongole, zotsalazo zimapita ku banki, ndipo pamene zili kumeneko mbala ya m'resiti siingazikhudze. Ngozi imayamba pa ola limene mlimi aima pa windo la banki nanena kuti afuna zonse. Ndalama yaikulu ya pepala m'dziko muno ndi ya K5,000, imene inatuluka mu 2022. Chotero munthu wotapa K1,000,000 amatuluka ndi mapepala 200, ndipo akampatsa a K2,000 amakhala 500. Mpukutu wotere subisika m'thumba la malaya, ndipo amene akhala pa khonde la sitolo kuyang'ana otuluka m'banki amauzindikira patali.

Chifukwa chake munthu atape zokwanira chakudya, chipinda ndi basi, zina zikhale. Ngati afuna kugula malata, feteleza kapena njinga, ayambe wapita ku sitolo kukamva mtengo, ndipo alipire kuchokera ku banki kapena pa foni. Ngati mwini sitolo afuna ndalama zapamanja, azitape m'mawa wa tsiku logulalo, osati madzulo a dzulo lake. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo ma ajenti ao apezeka m'misika yambiri ya Dowa ndi Ntchisi, kotero kuti munthu atha kukatapira pafupi ndi kwao. Ena amadandaula ndi kandalama kamene amadula potapa. Kandalamako nkowawadi, makamaka chaka cha mitengo yoipa, koma kayerekezedwe ndi mtengo wa mabelo khumi.

Komabe munthu akasunga chuma pa foni, adziwe kuti foniyo ndiyo yasanduka chikwama. Nambala yake yachinsinsi isakhale chaka chimene anabadwa, isalembedwe pa kapepala kosungidwa pamodzi ndi foni kapena khadi la banki, ndipo isauzidwe kwa munthu woimba lamya wonena kuti ali ku kampani. Ndiponso foni isasiyidwe kwa mlendo kuti aitchaje usiku wonse.

KUSANKHA CHIPINDA

Wapaulendo ayesetse kufika kusanade. Wofika usiku atatopa amalandira chipinda chilichonse, koma wofika dzuwa lilipo atha kuchiona nachikana. Nyumba yabwino imakhala ndi laisensi yopachikidwa poonekera, buku lolembamo alendo, mlonda wa usiku, ndi kalaliki wopereka lisiti. Kumene salemba dzina la munthu aliyense, sangadziwenso amene anagona chipinda choyandikana naye.

Asanalipire, ayang'ane zinthu izi ndi maso ake. Kodi chitseko chili ndi mpiringidzo wotsekera m'kati? Loko yekha sakwanira, chifukwa kiyi ya chipinda cha alendo yadutsa m'manja mwa anthu mazanamazana, ndipo palibe adziwa kuti inasulidwa kangati. Kodi windo lili ndi zitsulo, ndipo litsekeka? Mbala zina sizilowa konse, zimangokowa buluku ndi ndodo ya waya kudzera pa windo, chotero zovala zisapachikidwe pafupi nalo. Ayang'anenso kumwamba. M'nyumba zambiri zotsika mtengo khoma la pakati pa zipinda silifika ku denga, ndipo munthu wopepuka atha kukwera kuchokera m'chipinda china.

Kaloko kakekake ka m'thumba nkothandiza kwambiri ngati chitseko chili ndi pokoloweka. Usiku, mpando utsamizidwe ku chitseko, pamwamba pake paikidwe mbale kapena kapu ya chitsulo; wotsegula adzadzutsa mwini chipinda asanaponde m'kati.

Pansi pa pilo, pansi pa matiresi, m'nsapato ndi m'sutikesi ndimo mbala imayambira kufuna, pakuti aliyense amabisa momwemo nayesa kuti waganiza yekha. Ndalama imene munthu ayenera kugona nayo ikhale pa thupi, m'kathumba kosokerera m'kati mwa chovala, ndipo igawidwe pawiri: yochepa m'thumba loonekera yogulira nsima, yambiri yobisika. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sananene za ndalama. Nthawi yoopsa koposa si pakati pa usiku iai, koma m'mamawa, pamene mlendo atenga sopo ndi thaulo napita ku bafa la kunja, chitseko chili chongokankha, nati ndibwera msanga. Kathumba kaja ndi foni apite nazo ku bafa.

KUSUNGITSA KWA MWINI NYUMBA

M'mahotela akulu muli sefa yosungiramo zinthu za alendo, ndipo m'maresiti ena mwini kapena kalaliki amalola kusunga katundu mu ofesi. Kusungitsa nkwabwino, koma pokhapokha pali pepala. Ku England lamulo la eni mahotela la 1956 linati mwini hotela amene wapachika chidziwitso choyenera alipire zosapitirira £50 pa chinthu chimodzi chotayika, ndi zosapitirira £100 pa zonse za mlendo mmodzi; koma malire amenewa sanakhudze chinthu chimene mlendo anachipereka m'manja mwa mwini hotela kuti achisunge. Lamulolo ndi la dziko lina, koma lisonyeza kusiyana kwa chinthu chosiyidwa m'chipinda ndi chinthu cholandiridwa ndi mwini nyumba. Kunonso, mlandu ukafika ku khoti, funso loyamba lidzakhala lakuti umboni uli kuti.

Ndalama ziwerengedwe pamaso pa onse awiri. Pa pepala palembedwe tsiku, nambala ya chipinda, kuchuluka kwa ndalama m'manambala ndi m'mau, ndi dzina la wolandira, ndipo iye asaine. Ngati pali chidindo, adindepo. Munthu wosadziwa kuwerenga aitane mnzake wa ulendo akhale mboni. Ena amachita manyazi kupempha pepala, poopa kuti aoneka ngati akumuyesa mnzao mbala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kalaliki wokhulupirika amakondwera nalo pepalalo, popeza limteteza iyenso kwa mlendo amene angasungitse K50,000 nadzanena m'mawa kuti inali K80,000. Wokana kulemba asapatsidwe kanthu. Chimodzimodzinso njinga ya moto yosiyidwa kwa mlonda: ilembedwe m'buku ndi nambala yake, ndipo kiyi ndi mapepala ake zigone ndi mwini.

PAKAMWA NDI MOWA

Zonse zanenedwazi nzachabe ngati mlendo atsegula yekha chitseko. Mbala ya m'nyumba ya alendo kawirikawiri sithyola loko. Imamva kaye kumene kuli ndalama, ndipo woiuza ndiye mwini wake. M'minibasi yochoka ku Kanengo munthu amaimbira mkazi wake mokweza mau kuti zalowa, natchula ndi kuchuluka kwake. Pa malo omwera amagulira anthu osawadziwa, natulutsa mpukutu wonse polipira botolo limodzi. Pofika ola logona, theka la anthu a pamalopo lidziwa dzina lake, mudzi wake ndi nambala ya chipinda chake.

Pamenepo pamapezeka mnzake watsopano. Amati nayenso ngwa ku Malomo, adziwa amfumu a kumeneko, ndipo poti zipinda zadula, bwanji agawane chimodzi. Kapena ndi mkazi wokoma mau amene akomana naye madzulo omwewo. Alipo ena amene amathira mankhwala ogonetsa m'chakumwa, munthu nadzuka dzuwa lili pamutu, chipinda chili mbee. Ndipo mbala zotere zidziwa kuti mwamuna wapabanja wobedwa mwa njira imeneyi sapita ku polisi, chifukwa aopa kuti nkhani ikafika kwa mkazi wake ndi kwa ankhoswe. Amabwerera kumudzi nanena kuti fodya anagulidwa moipa, ndipo ana ndiwo amalipira, pamene fizi isowa ndi feteleza wa chaka chamawa sagulidwa.

Ena akapeza ndalama zaperewera amati ndi chitaka, ndipo pochiopa amaika khala m'chikwama. Khala silivulaza munthu, aliike amene afuna. Koma asanatchule chitaka, ayambe wawerenga mabotolo a dzulo ndi anthu amene anakhala naye pa tebulo.

Kuyenda awiri si mantha. Anthu a kalabu imodzi kapena a mudzi umodzi agone nyumba imodzi, zipinda zoyandikana, ndipo wina akatuluka wina atsale. Wogogoda usiku, ngakhale anene kuti ndi wantchito wa pamalopo, ayankhidwe chitseko chili chotseka.

ZIKABEDWA

Munthu akazindikira kuti wabedwa, auze mwini nyumba nthawi yomweyo, alendo ena asanachoke, ndipo apemphe kuti buku la alendo lisungidwe. Asasunthe zinthu m'chipindamo. Ngati foni kapena khadi la banki zapita, abwereke foni ya mnzake naimbire kampani ndi banki kuti atseke, pakuti ola limodzi likwanira mbala kutapa zonse. Atatero apite ku polisi ya pafupi, monga ya pa Mponela, ya pa boma la Dowa kapena la Ntchisi, akalembetse, ndipo atenge kalata ya polisi. Kalatayo idzafunika pokapempha chiphaso china cha unzika, chimene chinayamba kuperekedwa mu 2017, ndipo popanda chiphasocho nkovuta kutapa ndalama ku banki kapena kubwezeretsa nambala ya foni.

Asathamangire kuloza chala mnyamata wosesa kapena mayi wochapa zofunda. Iwo ndiwo amayamba kuganiziridwa chifukwa ali pafupi ndipo ngosauka, ndipo alipo amene ataya ntchito pa mlandu wa mlendo amene anakwera basi ya mbandakucha. Woganiziridwa aperekedwe kwa apolisi. Kumenya munthu, ngakhale wogwidwa ndi katundu m'manja, ndi mlandu pa wokha, ndipo wobedwa angapezeke ali m'chitokosi pamodzi ndi womubera.

Apolisi amafunsa nambala za katundu wotayikayo, ndipo apa ndipo aphunzitsi angathandize midzi yao. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, yotchedwa IMEI, imene imaoneka munthu akadina *#06#. Njinga ya moto ili ndi nambala ya injini ndi ya felemu, ndipo njinga yopalasa nayonso kawirikawiri ili ndi nambala yodindidwa pa chitsulo. Ana a Sitandade 7 ndi 8 atha kupatsidwa ntchito yolemba nambala zimenezi za makolo ao m'kabuku, mwezi wa March msika usanatsegulidwe, ndi kuphunzira kalembedwe ka pepala losungitsira ndalama. Kabukuko katsale kunyumba, kasapite nawo pa ulendo.