Amuna Kapena Akazi Okondana Okhaokha pa Usilikali ku Britain: Mafunso ndi Mayankho

Kodi lamulo likuti chiyani?

Kuyambira pa 12 Januwale 2000, mwamuna wokondana ndi mwamuna mnzake, kapena mkazi wokondana ndi mkazi mnzake, amaloledwa kugwira ntchito ya usilikali ku Britain mosabisa. Izi zili choncho kwa asilikali apamtunda, apamadzi ndi amumlengalenga omwe.

Chiletso chimene chinalipo kale chinatha bwanji?

Asilikali anayi ochotsedwa ntchito chifukwa cha chiletsochi, Jeanette Smith, Graeme Grady, Duncan Lustig-Prean ndi John Beckett, anakamang'ala ku khoti la ku Europe loona za ufulu wa anthu, ku Strasbourg. Mu Seputembala 1999 khotilo linagamula kuti boma linalakwa powalowerera pa moyo wawo wamseri.

Kodi amagona chipinda chimodzi ndi kusamba bafa imodzi ndi anzawo?

Eya, ndipo funso ili ndi lomwe limabwera kawirikawiri. Palibe zipinda kapena mabafa apadera. Amuna amagona kwa amuna, akazi kwa akazi, monga kale. Pa maphunziro oyamba, achinyamata amagona ambiri m'chipinda chimodzi, bedi kuyandikana ndi bedi, ndipo amadzuka m'mbandakucha kusita yunifolomu ndi kupolisha nsapato asanayenderedwe.  Apa mnzako weniweni ndi amene amagwira ntchito yake.

Ndi bwino kukumbukiranso kuti anthu otere analimo kale m'zipindazo chiletso chisanathe. Ankangobisa, mtima uli m'mwamba, poopa kuwululika.

Nanga wina akayamba kufunsira kapena kugwiragwira mnzake?

Amalangidwa. Pochotsa chiletso, unduna wa zachitetezo unakhazikitsa malamulo a khalidwe omanga msilikali aliyense mofanana. Kukakamira munthu amene wakana, kumugwira osafuna, kapena kugwiritsa ntchito udindo pofuna chibwenzi ndi kulakwa, kaya wochitayo ndi mwamuna kwa mkazi kapena mwamuna kwa mwamuna. Wamkulu wa gulu amayang'ana zimene munthu wachita, ndi ngati zasokoneza ntchito kapena zikhoza kuisokoneza.

Kodi mwambo ndi mgwirizano sizinasokonekere?

Awa ndiwo anali mantha aakulu. Lipoti la undunawo la mu 1996 linasonyeza kuti asilikali ambiri sankafuna kuti chiletso chichoke, ndipo boma linadalira lipotilo kukhoti. Oweruza anapeza kuti zambiri mwa zifukwazo zinachokera ku tsankho, popanda umboni wa zoipa zimene anthuwa anachita. Patatha miyezi 6 chichotsereni chiletso, undunawo utaunika unapeza kuti zovuta zinali zochepa kwambiri. Sikuti kunyozana kunatheratu. Kumamvekabe m'malo ena, ndipo nako ndi kuphwanya mwambo.

Nanga msilikali amene chipembedzo chake chimatsutsa izi?

Sakakamizidwa kusintha chikhulupiriro chake. Funsoli limakhudza ambiri ochokera ku mayiko a Commonwealth, kuphatikizapo Amalawi amene amalowa usilikali kumeneko. Chofunika kwa iye ndi kumvera lamulo la mkulu wake, kaya mkuluyo ndi wotani, ndi kusatukwana kapena kusala mnzake.

Kodi munthu angakane kugona chipinda chimodzi ndi msilikali wotere?

Kawirikawiri ayi. Kungodziwa kuti mnzake ndi wotere si chifukwa chokwanira chosinthira chipinda. Ngati pali chimene chachitika, nkhaniyo ipite kwa mkulu wa gulu, ndipo idzaonedwa payokha.

Kodi chitetezochi chimagwira ntchito kunja kwa Britain?

Osati kulikonse. Msilikali akapita kwawo kutchuthi amakhala pansi pa malamulo a dzikolo. Ku Malawi, mwachitsanzo, kugonana amuna okhaokha ndi mlandu umene chilango chake chingafike zaka 14 m'ndende.

Nanga amene anachotsedwa ntchito kale?

Awa anaona zowawa. Apolisi a usilikali ankawapanikiza ndi mafunso ochititsa manyazi, kusanthula katundu wawo ndi kuwerenga makalata awo. Ena analandidwa mamendulo, ena anatsekeredwa m'ndende. Kuyambira mu 2021 angathe kupempha kuti mamendulo awo abwezedwe. Mu Julayi 2023, lipoti la Lord Etherton lofufuza za nkhaniyi litatuluka, nduna yaikulu Rishi Sunak anapepesa m'nyumba ya malamulo. Mu Disembala 2024 boma linalengeza ndalama zokwana mapaundi 75 miliyoni zopepesera: wochotsedwa ntchito angalandire mapaundi 50,000, ndipo pangakhale zoonjezera zosapitirira mapaundi 20,000 malinga ndi zimene anakumana nazo. Si aliyense wopempha amene angalandire, popeza mafayilo amayamba aunikidwa kaye. Oyenera kupempha ndi amene anavutika ndi chiletsochi pakati pa 1967 ndi 2000.