Mpesa wa Muscat Pabwalo la Nyumba

Woyenda m'Kawale kapena ku Biwi aona mapapaya ndi mango kuseri kwa mipanda, koma mpesa sauona kawirikawiri. Mphesa za m'masitolo a Lilongwe zambiri zicokera ku South Africa, ndipo mtengo wace si wa munthu wamba. Komatu mpesa umodzi sufuna munda: dzenje limodzi ndi nsanja pakhomo zikwanira.

Mtundu wa Muscat of Alexandria ndi wakalekale, ndipo dzina lace likumbutsa mzinda wa ku Egypt. Ku Cape, kumene Jan van Riebeeck anafinya vinyo woyamba m'caka ca 1659, autchula Hanepoot. Zipatso zace nzazikulu, zokhala ndi njere, zobiriwira, koma zikapsa zicita cikasu ndi kununkhira ngati maluwa.

Kubzala sikubvuta. Munthu adula nthambi yokhwima ya mfundo zinai, naizika m'dothi losasunga madzi, nacenjera ndi ciswe. Zipatso zoyamba zidza caka cacitatu.

Bvuto leni-leni ndi mvula. Kwao kwa mpesawu mvula igwa nthawi yozizira, mphesa nizipsa m'dzuwa louma. Kuno zinthu nzotembenuka: kutentha ndi mvula zidzera pamodzi, kuyambira November mpaka March. Pamenepo nkhungu yoyera igwira kunsi kwa masamba, zipatso zing'ambika ndi kubvunda. Cifukwa cace mwini mpesa ayenera kuthamangitsana ndi mvula. Asadze mu July, kusiya maso awiri pa nthambi iri yonse ya caka catha, pakuti matsango abadwa pa mphukira zatsopano zokha. Ambiri acita cisoni ndi mpeni, nakolola masamba okha-okha. Atasadza athirire kolimba sabata iri yonse, ngakhale madzi a pampopi ali ogula, kuti matsango akhwime mvula isanakule. Muscat ucedwa kupsa, ndipo caka ca mvula yofulumira mwini akhoza kutaya zonse. Ici aciziwiretu asanakumbe dzenje.

Mphesa sizipsa zitathyoledwa monga icitira nthoci, cotero alawe asanadule. Zina adya zaziwisi, zina aziyanika padzuwa kuti zisungike, ndipo m'maiko ena afinya vinyo wozuna, wina mwa iye ndiye wa pa Misa. Masiku otsiriza mbalame zifika mwini asanadzuke. Abveke tsango liri lonse kathumba ka pepala, koma osati ka pulasitiki, pakuti kasunga cinyezi.