Tayala lili ndi malire ake

Mnyamata wina wakabaza wa ku Bembeke anagula tayala lakumbuyo la mano akuluakulu, la labala wofewa, poti m'misewu yamatope ya kumapiri a Dedza limaluma nthaka bwino. Mkulu wokonza njinga atalimanga anamuloza zolembedwa m'mbali mwake.

"Mwana wanga, apa palembedwa 47J. Nambala 47 ikutanthauza makilogalamu 175, J ndi makilomita 100 pa ola. Koma malirewa amagwira ntchito mpweya ukakhala wokwanira. Ukaphwetsa, uzipopanso usanakwere phula."

"Ndamva, bambo," anayankha uku akuliza kale injini.

M'mawa wina wa Disembala, mvula itagwa usiku wonse, anaphwetsako tayala lija kuti asaterereke. Anamanga matumba awiri a mbatatesi, mwini katundu n'kukhala pamwamba. Atafika pa Masasa anakhotera mumsewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Za pampu sanazikumbukire.

Tayala lochepa mpweya komanso lolemedwa limapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindikako kumabala kutentha m'kati mwake. Kumtunda kozizira kunabisa vutoli. Koma atatsiriza makona onse n'kufika kuchigwa, anapeza dzuwa likuswa mtengo, phula lili juu. Anakoka moto. Tayala linaphulika, njinga n'kupepeluka. Mwini mbatatesi anathyoka mwendo, mnyamatayo anasupuka mkono wonse, ndipo njinga ya bwana wake inatsala chiphakasa m'ngalande.

Anzanga akabaza, palibe tayala lochita bwino pa zonse. Labala wofewa amamatirira msewu ngakhale kukuzizira, koma amatentha msanga ndi kutha msanga. Labala wolimba amapirira kutentha ndi ulendo wautali, koma m'nkhungu ya mu Juni amafuna kuyamba pang'onopang'ono kufikira atafunda. Ife a ku Dedza timakumana ndi nyengo zonse ziwiri pa ulendo umodzi.

Choncho werengani chilembo musanapereke ndalama: J ndi 100, L ndi 120, P ndi 150. Chilembocho si chilolezo chothamangira, ndipo kulemera kwanu ndi kwa njinga kumawerengedwa pa katundu. Yezani mpweya m'mawa tayala lisanatenthe. Mukaphwetsa m'matope, popani musanalowe M1 kapena Khwekhwelere. Munthu amene mwam'nyamula kumbuyo wakukhulupirirani ndi moyo wake.