Malangizo: Maginito ndi Ululu wa Mapazi mwa Odwala Shuga

Shuga akakwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha ya m'mapazi. Mapazi amatentha, kubaya ndi kuchita dzanzi, makamaka usiku. Madokotala akuyesa njira yotchedwa rTMS, yochokera pa chipangizo chimene Anthony Barker ndi anzake anaonetsa ku Sheffield mu 1985. Amachiika pamutu popanda opaleshoni, ndipo mphamvu ya maginito imadzutsa mbali ya ubongo yoyendetsa ziwalo, zimene zimachepetsa ululu mwa odwala ena.

Wina angafunse kuti, ululu ukachepa, mankhwala ndi antchito yanji? Apa mpofunika kusamala. Kafukufuku amene wachitika wakhudza anthu ochepa, mpumulo sukhalitsa ngati sabwereza, ndipo maginito sakonza mitsempha yowonongeka kapena kutsitsa shuga. Phazi losiya kupweteka likhoza kubisa bala lomwe likukula. Odwala khunyu ndi amene ali ndi chitsulo m'mutu njirayi ingawavulaze. Choncho imwanibe mankhwala a shuga, funsani dokotala za mankhwala ochepetsa ululu monga amitriptyline kapena gabapentin, ndipo yang'anani mapazi anu tsiku lililonse. Mukaona bala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.