Mdzukulu wanu sanakhwimiridwe, agogo

Zikomo Azakhali,

Ndikulera mdzukulu wanga wa zaka 9. Mayi wake ali woyembekezera ankamwa kachasu ndi kusuta chamba, tinalankhula mpaka kutopa. Pano ali ku Joni. Mwanayu wabwereza Sitandade 2 kawiri. Sakhazikika, ukamutuma amaiwala asanafike n'komwe. Kusukulu amamukwapula, anzake amamutcha kape, ndipo ena m'mudzi akuti anamukhwimira. Kodi ndingomusiyitsa sukulu kuti azipita kunyanja ndi amalume ake?

Ndine agogo odandaula, kwa Chowe, Mangochi.

Zikomo agogo,

Musamusiyitse. Mwana woiwalaiwala ndi wosakhazikika, bwato si malo ake.

Za kukhwimazo zitayeni. Mayi woyembekezera akamwa mowa, mowawo umafika kwa mwana kudzera mumchombo n'kusokoneza kakulidwe ka ubongo. Chamba nachonso si chabwino, koma wowononga kwambiri ndi mowa. Madokotala amalitcha vutoli FASD, ndipo ku South Africa komwe kuli mayi wa mdzukulu wanuko ndi lofala kwambiri. Mwana wotere sachita mwano: zimene wamva sizikhalitsa m'mutu. Mukamukwapula amamva kuwawa, koma mawa abwerezanso.

Komabe ine sindingamuyeze pakalata. Malungo aakulu, kusamva bwino, ngakhale likodzo, lomwe n'losasowa kunyanja kwanuko, zimabwezanso mwana m'mbuyo m'kalasi. Tengani buku lake lakuchipatala mupite naye ku St Martin's ku Malindi kapena kuchipatala chachikulu cha Mangochi. Za kachasuzo mukanene osabisa. Adokotala si bwalo la amfumu.

Mankhwala ochiritsiratu palibe, koma kaleredwe kamasintha zambiri. Mutumeni chinthu chimodzi, achite, kenako china. Kudzuka, kudya ndi kugona zizikhala pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Akakhoza, muyamikireni pomwepo, osadikira madzulo.

Kusukulu pitani nokha mukakumane ndi ahedi. Pemphani kuti azikhala kutsogolo, ndipo mufunse ngati m'zoni yanu muli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi. Amayi a mother group akuthandizeni kuletsa zomutcha mayinazo. Kukwapula ana kusukulu n'koletsedwa. Zikapitirira, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mayi wake akaimba foni, musamulalatire, angasiye kuimba. Muuzeni mofatsa zimene adokotala apeza, ndipo mutsindike kuti akadzaimanso asadzalawe mowa ngakhale pang'ono.

Ndine Azakhali anu.